Mbiri ya kusankha osewera ndi kaputeni ku Mitundu ndi ku Nathenje

Mpira wamiyendo usanayambe pamakhala ntchito ziwiri zimene oonerera ambiri saziona: kusankha anthu oti alowe m'bwalo, ndi kusankha mmodzi mwa iwo woti atsogolere anzake. Ku Mitundu ndi ku Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe, ntchito ziwirizi zakhala zikusintha manja. Zinayambira kwa mwini mpira, n'kupita kwa mphunzitsi wa pasukulu, kwa komiti ya timu ya m'mudzi, kenako kwa kochi. Lero zafika kwa aliyense amene ali ndi foni yolowa pa intaneti, kudzera m'masewero a Fantasy Premier League, momwe munthu amapanga timu yongoyerekeza pogwiritsa ntchito maina a osewera enieni a ligi ya ku England. Pa ulendo wonsewu, udindo umene wasintha kwambiri ndi wa kaputeni.

Mitundu ili pamsewu umene umapatuka pa M1 kulowera ku phiri la Bunda, kufupi ndi sukulu ya ukachenjede ya zaulimi imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya University of Malawi, ndipo kuyambira mu 2012 ili pansi pa LUANAR. Nathenje ili pa M1 penipeni, panjira ya ku Dedza. Onse awiri ndi malo amalonda ozunguliridwa ndi midzi ya alimi a chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Zimenezi zimakhudza mpira mwachindunji. Nthawi ya dzinja anyamata amakhala kumunda ndipo mabwalo amamera udzu. Mpira wa m'midzi umatentha anthu akakolola, pamene m'matumba muli kangachepe ndipo masana mulibe ntchito yambiri.

Mpira unalowa m'dziko muno m'nthawi ya atsamunda, ndipo sukulu za mishoni ndi zimene zinaufalitsa kwambiri pakati pa anthu akuda. Amuna obwerera kuchokera ku migodi ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa nawonso ankabwera ataona matimu okhala ndi mayunifomu ndi malamulo. Koma mwana wa m'mudzi sankayambira pa mpira wachikopa. Ankayambira pa chikulunga, mpira wokulunga ndi nsanza, masamba kapena, m'zaka za pambuyo pake, mapepala apulasitiki omangidwa ndi luzi kapena mphira. Pamenepo ndi pamene lamulo lakale kwambiri la kasankhidwe ka osewera linkagwira ntchito, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero. Anyamata awiri odziwa kusewera amaima kutsogolo, ena onse n'kundanda, ndipo awiriwo amatchula maina mosinthana. Woyamba kutchulidwa ndi amene aliyense akudziwa kuti amachinya. Womaliza, kawirikawiri wamng'ono pa onse, amapatsidwa pagolo pakati pa miyala iwiri. Mwini mpira sasiyidwa kunja ngakhale miyendo yake itakhala yolemera chotani, chifukwa akakwiya amanyamula mpira wake masewero n'kutha. M'kachitidwe kameneka wosankha, kaputeni ndi wosewera ndi munthu mmodzi, ndipo akalakwitsa posankha amalangidwa nthawi yomweyo, anzake akuona.

Sukulu inabweretsa wosankha amene sasewera. Mphunzitsi woyang'anira zamasewero ankalemba maina khumi ndi limodzi papepala, n'kuwagawira manambala. Kuchokera ku kaimidwe kakale ka ku England, ka otchinga kumbuyo awiri, apakati atatu ndi akutsogolo asanu, kunabwera chizolowezi chotchula malo ndi nambala. Mpaka pano m'mabwalo a ku Lilongwe munthu akafunsidwa malo amene amasewera amangoti "pa 5" kapena "pa 9", ndipo aliyense amamva kuti woyambayo ndi wotchinga pakati kumbuyo, winayo ndi womwetsa zigoli, ngakhale kaimidwe kamene kanabala manambalawo kanasiyidwa kalekale. Kusankha kwa nthawi imeneyo kunali kolemera kuposa kwa lero pa chifukwa chimodzi: kusintha wosewera masewero ali mkati kunalibe. Ligi ya ku England inayamba kulola wosewera mmodzi wolowa m'malo mu 1965, ndipo World Cup inatsatira mu 1970. Wosankhidwa ankayenera kutha mphindi zonse 90. Kaputeni wa timu ya sukulu nthawi zambiri ankakhala mnyamata wa kalasi yapamwamba amene aphunzitsi ankamukhulupirira, woti akhoza kusunga mpira ndi pampu popanda kuzisowetsa.

Timu ya m'mudzi kapena ya pamsika inali ndi dongosolo lina. Inalibe mwini mmodzi. Inali ndi komiti: wapampando, mlembi, msungichuma, ndi akuluakulu angapo amene ankathandiza ndi ndalama. Maina a osewera ankakambidwa madzulo a tsiku loti mawa kuli masewero, ndipo luso silinali lokha loyang'anidwa. Amene sanasonkhe ndalama yogulira mpira, amene sanabwere kudzalambula bwalo, amene anajomba pokonzekera, onsewa ankatha kukhala panja ngakhale ali akatswiri. Ubale nawo unkalowerera, monga umachitira pa chilichonse cha m'mudzi, ndipo matimu ambiri anagawanika chifukwa cha mwana wa wina amene ankayamba masewero aliyense. Mudzi umodzi ukakhala ndi matimu awiri a maina oyandikana, kawirikawiri chiyambi chake chimakhala mkangano wa mtundu umenewu.

Kaputeni wa timu yotere anali ndi katundu wolemera. Ndiye ankalemba kapena kunyamula kalata yopempha masewero kumudzi wina, kupalasa njinga kukatsimikiza tsiku, kusonkhanitsa majezi ndi kuonetsetsa kuti achapidwa. M'bwalo ndiye ankachita mayere a mbali yoyambira, kulankhula ndi oyimbira, ndi kuletsa anzake ndewu ikafuna kubuka. Kumene timu inkakhulupirira mankhwala, ndipo ambiri ankawakhulupirira, iye ndiye ankadziwa malangizo a sing'anga, zoyenera kusala usiku ndi polowera m'bwalo. Timu ikagonja, mafunso ankayambira kwa iye. N'chifukwa chake ukaputeni sunkapita msanga kwa womwetsa zigoli. Unkagwera wotchinga kumbuyo kapena wapakati, munthu wofatsa, wa mawu omveka, amene akuona bwalo lonse patsogolo pake ndiponso amene anzake sangamuyankhe mwano. Ku England nakonso udindowu unayamba wolemera chomwecho. M'zaka zoyambirira za mpira wamalamulo makaputeni awiri ndi amene ankathetsa mikangano, ndipo oyimbira analowa m'bwalo ndi mphamvu zonse mu 1891. Timu ya dziko la England inkasankhidwa ndi komiti mpaka mu 1963, pamene Alf Ramsey anatenga mphamvu yosankha yekha.

Wailesi inabweretsa mtundu wina wa wosankha, amene sasewera komanso alibe mphamvu iliyonse pa timu. MBC inayamba kuulutsa mawu mu 1964, bungwe la Football Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anthu a m'midzi ankadziwa maina a osewera amene sanawaonepo ndi maso. Timu ya dziko lino, Flames, inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, inapita ku Africa Cup of Nations koyamba mu 1984, n'kutenganso chikho cha m'chigawo chija mu 1988. Maina ngati Kinnah Phiri, Jack Chamangwana ndi Young Chimodzi ankatchulidwa pa bawo ndi pa golosale ngati a anthu a m'mudzi momwemo. Super League itayamba mu 1986, mkangano wa pakati pa otsatira Bullets ndi Wanderers, komanso a Silver Strikers ya ku Lilongwe konkuno, unapatsa anthu nkhani ya sabata iliyonse. Kochi wa Flames akatulutsa maina, pa msika wa Mitundu pankatuluka maina ena khumi ndi limodzi amene akanayenera kusankhidwa. Kumeneko kunali kale kupanga timu yongoyerekeza. Chimene chinkasowa ndi njira yodziwira kuti mwa otsutsanawo walondola ndani, popeza timu ya pakamwa siilowa m'bwalo.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, mpira wa kumudzi unapeza ndalama zatsopano. Aphungu ndi ofuna mipando anayamba kukhazikitsa zikho ndi mabonanza, makamaka chisankho chikayandikira, ndipo mu 2009 boma linayambitsa Presidential Cup imene inkayambira m'maboma. Mphoto itakula, kasankhidwe kanasintha. Matimu anayamba kubwereka osewera aganyu, anyamata a m'tauni kapena a matimu akuluakulu amene ankabwera pa tsiku la ndime yomaliza, kusewera, kulandira ndalama n'kubwerera. Mnyamata amene wakhala akulambula bwalo chaka chonse ankapezeka ali panja pa tsiku lalikulu. Okonza mipikisano anayankha ndi kalembera wa maina ndi zithunzi, ndipo madandaulo a wosewera wosalembetsa anakhala gawo la mpikisano uliwonse. Apa wosewera anayamba kukhala ndi mtengo, ndipo funso loti ndalama yochepa igule luso lochuluka bwanji linalowa m'mitu ya makomiti zaka zambiri foni yamakono isanafike. Matimu amene analowa m'maligi a chigawo chapakati, monga Mitundu Baptist, anatsata dongosolo la kochi ndi kalembera wa bungwe loyendetsa mpira, ndipo komiti inabwerera m'mbuyo pa nkhani ya maina.

Kanema anasuntha maso a anthu kuchoka ku Blantyre kupita ku England. Television Malawi inayamba mu 1999, koma chimene chinasintha Loweruka la pamalo amalonda ndi nyumba zoonetsera mpira, zokhala ndi dishi ya DStv padenga, mabenchi, bolodi lolembapo masewero atsikulo pakhomo, ndi jenereta kapena batire la sola kuseri. Munthu ankalipira kangachepe pakhomo n'kuona Arsenal, Manchester United, Chelsea kapena Liverpool. Osewera a mu Africa anathandiza kukopa mitima: Nwankwo Kanu, Didier Drogba, Michael Essien, Yaya Touré, ndi a mayiko oyandikana ndi Malawi monga Peter Ndlovu ndi Benjani Mwaruwari a ku Zimbabwe. Pofika m'ma 2010 mnyamata wa kabaza wa pa Nathenje ankatha kutchula osewera a pa benchi a Chelsea mosadodoma. Chidziwitso chimenechi ndi chimene masewero ongoyerekeza anadzachipeza chili kale.

Masewerowa anachokera kutali. Mu 1962 Wilfred Winkenbach, mmodzi mwa eni timu ya Oakland Raiders ya mpira wa ku America, anakonza malamulo oti anzake azisankha osewera enieni n'kumapeza mapointsi malinga ndi zimene osewerawo achita m'bwalo. Ligi yawo inayamba mu 1963. Mu 1980 Daniel Okrent ndi anzake anachita zofanana ndi baseball ku New York. Ku mpira wamiyendo lingaliroli linafika kudzera kwa Riccardo Albini wa ku Italy, amene anayambitsa Fantacalcio, ndi Andrew Wainstein wa ku England, amene anakhazikitsa Fantasy League mu 1991. Nyuzipepala za ku England zinalitenga m'zaka za m'ma 1990, owerenga n'kumatumiza matimu awo pa positi kapena pa telefoni. Premier League inatsegula masewero akeake pa intaneti mu sizoni ya 2002/03, ndipo m'zaka zaposachedwa matimu olembetsa apitirira 10 miliyoni pa sizoni.

Malamulo ake ndi osavuta kuwamva. Aliyense amapatsidwa ndalama yongoyerekeza yokwana mapaundi 100 miliyoni kuti agule osewera 15: magoloboyi awiri, otchinga kumbuyo asanu, apakati asanu ndi akutsogolo atatu, osapitirira atatu ochokera ku timu imodzi. Sabata iliyonse amasankha 11 oyamba, kaputeni ndi wachiwiri wake. Wosewera akatha mphindi 60 m'bwalo amapeza mapointsi awiri. Chigoli chimapatsa wakutsogolo mapointsi anayi, wapakati asanu, wotchinga kumbuyo asanu ndi limodzi. Wopereka mpira umene mnzake wachinyira amapeza atatu. Timu ikapanda kuchinyidwa, goloboyi ndi otchinga kumbuyo amapeza anayi aliyense, wapakati imodzi. Khadi lachikasu limachotsa pointi imodzi, lofiira atatu, kuphonya penate awiri. Osewera atatu amene achita bwino kwambiri m'masewero aliwonse amawonjezeredwa mapointsi atatu, awiri ndi imodzi. Munthu amaloledwa kusintha wosewera mmodzi pa sabata mwaulere. Akafuna kusintha ena amadulidwa mapointsi anayi pa aliyense. Mapointsi a kaputeni amawerengedwa kawiri.

Kuti izi zifike ku Mitundu ndi ku Nathenje panafunika foni. TNM inayamba ntchito mu 1995, Celtel mu 1999, ndipo kampani yachiwiriyi inasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Koma ndi mafoni otsika mtengo a Android ndi mabando a intaneti a tsiku kapena a sabata, m'zaka za m'ma 2010, amene anatsegula chitseko. Masewerowa ndi aulere koma ali m'Chingerezi ndipo amadya bando, choncho amagwira msanga pakati pa ophunzira, aphunzitsi, ogwira ntchito zaumoyo ndi achinyamata a mashopu. Kupezeka kwa sukulu ya Bunda pafupi ndi Mitundu, ndi kuyenda kwa tsiku ndi tsiku pakati pa Nathenje ndi mzinda wa Lilongwe, kumachititsa kuti zochitika za m'tauni zisachedwe kufika. Munthu mmodzi amatsegula ligi yaing'ono, n'kugawa nambala yolowera pa gulu la WhatsApp, ndipo mkangano wakale wa pa golosale umapeza woweruza: Lolemba m'mawa mndandanda umaonetsa amene anasankha bwino.

Pa kasankhidwe ka osewera, phunziro loyamba ndi la ndalama. Mapaundi 100 miliyoni sakwana kugula akatswiri okhaokha. Erling Haaland anayamba sizoni ya 2024/25 pa mapaundi 15 miliyoni, kutanthauza kuti wogula iye amatsala ndi 85 miliyoni yoti agawire anthu 14. Luso lili pa kupeza wosewera wotchipa amene akuchita za wodula. Chitsanzo chimene chimakumbukiridwa ndi cha Leicester City mu 2015/16, pamene Riyad Mahrez anayamba pa mapaundi 5.5 miliyoni ndipo Jamie Vardy pa 6 miliyoni, timu yawo n'kutenga ligi. Amene anawagula msanga anapeza mapointsi komanso phindu, popeza mtengo wa wosewera umakwera anthu ambiri akamamugula, ndipo pomugulitsa mwini amasunga theka la zimene zakwerazo. Phunziro lachiwiri ndi la mphindi: katswiri amene kochi wake amamupumitsa kawirikawiri amaposedwa ndi wosewera wamba amene amayamba masewero aliyense ndi kumenya mapenate kapena makona. Lachitatu ndi la ndandanda wa masewero. Wochenjera amayang'ana masabata anayi kapena asanu akubwera, osati sabata yathayo, pomwe wongoyamba kumene amathamangira amene wachinya dzulo n'kudula mapointsi anayi kuti amugule, kenako wosewerayo n'kukhala chete mwezi wathunthu.

Chimene chimavuta kwambiri anthu amene anakulira m'nyumba zoonetsera mpira ndi mtima. Wotsatira Manchester United kuti agule wosewera wa Liverpool, n'kumusangalalira akachinya, ndi chinthu chimene ambiri amachikana sizoni yoyamba. Mndandanda ndi umene umawaphunzitsa. M'nyumba zoonetsera mpira muli tsopano phokoso la mitundu iwiri. Pali la otsatira timu, ndiponso la anthu angapo amene amalumpha pa chigoli cha timu imene si yawo, kapena kugwira mutu chifukwa chigoli cha mphindi yomaliza, chosasintha wopambana, chawalanda mapointsi anayi a wotchinga kumbuyo.

Ukaputeni ndi pamene kusiyana ndi mpira wa m'mudzi kumaonekera poyera. Mu Fantasy kaputeni satsogolera aliyense. Khalidwe lake, msinkhu wake ndi mawu ake zilibe ntchito. Funso ndi limodzi, loti ndani angabweretse mapointsi ambiri sabata ino. Choncho udindo umene kumudzi unkapita kwa wotchinga kumbuyo wofatsa, kuno umapita kwa womwetsa zigoli, makamaka womenya mapenate wa timu yamphamvu imene ikusewera pakhomo ndi timu yofooka. Mohamed Salah anapeza mapointsi 303 mu 2017/18, ndipo mu March 2018, atachinya zigoli zinayi ndi kupereka mpira wa chigoli china pokumana ndi Watford, anapeza 29 tsiku limodzi, amene kwa omupatsa ukaputeni anali 58. Mu 2022/23 Haaland anachinya zigoli 36 mu ligi, ndipo kwa miyezi ingapo funso la kaputeni linali ngati latha. Salah anabweranso mu 2024/25 ndi mapointsi 344, oposa a wina aliyense m'mbiri ya masewerowa kufika nthawi imeneyo.

Koma nzeru ya ukaputeni siithera pa kudziwa wosewera wabwino. Iyenera kuwerengeranso zimene ena asankha. M'ligi ya anthu 20, ngati 18 apatsa ukaputeni wosewera mmodzi, iye akachinya palibe amene wasuntha pamndandanda, ndipo akalephera onse alepherera limodzi. Amene amasuntha ndi awiri otsalawo, kukwera kapena kugwa. Apa ndi pamene pamachokera lamulo limene osewera odziwa amalitsata: wotsogola pamndandanda amasankha kaputeni wa gulu kuti omuthamangitsa asapeze mpata, pomwe wotsalira ndi mapointsi ambiri sizoni ikupita kumapeto amayenera kusiyana ndi gulu, chifukwa kutsanzira wotsogola sikungamufikitse pa iye. Cholakwa chofala n'kusiyana ndi gulu mu September, pamene palibe chokakamiza, pongofuna kudzatchuka pa WhatsApp kuti anaona zimene ena sanaone. Pa masabata 38, wosewera amene amachinya kawirikawiri amabweza zambiri kuposa wa mwayi wa tsiku limodzi, ndipo kunyada kwa mtundu umenewu ndi kumene kumadya mapointsi ambiri m'maligi ang'onoang'ono.

Mu 2015/16 okonza masewerowa anawonjezera zida zogwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Triple Captain imachulukitsa mapointsi a kaputeni katatu, Bench Boost imawerengera ndi osewera a pa benchi omwe, ndipo Free Hit, imene inabwera mu 2017/18, imalola kusintha timu yonse kwa sabata imodzi. Wildcard, yolola kumanganso timu popanda kudulidwa mapointsi, inalipo kale. Chizolowezi chinakhala kusunga Triple Captain mpaka sabata imene timu ina ikusewera kawiri chifukwa cha masewero oimitsidwa. Njirayi ili ndi nzeru, koma siteteza ku ngozi. Mu January 2020 Liverpool inali ndi masewero awiri, ndi Wolves ndi West Ham, ndipo anthu ambiri anaika chida chawo pa Sadio Mané. Iye anavulala chigawo choyamba cha masewero oyamba, sanasewere achiwiri, ndipo anabweretsa pointi imodzi, imene katatu inakhala atatu. Wachiwiri kwa kaputeni sanathandize, chifukwa iye amalowa m'malo pokhapokha kaputeni akapanda kusewera ngakhale mphindi imodzi.

Pali zina zimene wosewera wa ku London sazidziwa koma wa ku Mitundu amaziwerengera. Timu imatsekedwa mphindi 90 masewero oyamba a sabata asanayambe. Masewero a Loweruka masana akakhala oyamba, nthawi yotsekera imagwa 12 koloko masana m'dziko muno miyezi ya August mpaka October, ndipo 1 koloko kuyambira kumapeto kwa October mpaka March, chifukwa England imasintha mawotchi pomwe Malawi sasintha. Masewero akayamba Lachisanu usiku, ambiri amadzidzimuka khomo litatsekedwa kale. Magetsi akazima kapena foni ili kotchajitsa, nkhani ya kuvulala kwa wosewera imafika mochedwa. Mu December, pamene masewero amathinana kwambiri, alimi ali kalikiliki ndi kupalira ndi kuthira feteleza, ndipo ndalama ya bando ikulimbana ndi zofunika zina. N'chifukwa chake benchi yabwino ndi wachiwiri kwa kaputeni wodalirika zili ndi phindu lalikulu kuno: masewerowa amalowetsa okha wa pa benchi wina akapanda kusewera, ndipo timu yokonzedwa bwino Lachinayi imatha kudziyendetsa mwini wake atasowa netiweki. M'maligi ena anthu amasonkha ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zimene zinayamba mu 2012 ndi 2013, kuti wopambana pa mwezi kapena pa sizoni alandire. Zimenezi zimayandikitsa masewerowa ku kubetcha, kumene kwafala kwambiri m'malo amalonda, ngakhale kuti Fantasy imafuna kupirira kwa miyezi isanu ndi inayi pomwe tikiti ya kubetcha imatha tsiku lomwelo.

Wosewera wa Flames sanapezekebe pamndandanda wa ogulidwa, popeza palibe amene wasewera mu Premier League. A mayiko oyandikana ndi Malawi akhala akupezeka: Marvelous Nakamba wa ku Zimbabwe ku Aston Villa mu 2019, Patson Daka ndi Enock Mwepu a ku Zambia ku Leicester City ndi Brighton mu 2021, ndi Reinildo Mandava wa ku Mozambique ku Sunderland mu 2025. Kumbali ya osankha, chigawo chino cha Africa chinafikapo pamwamba penipeni: mu 2017/18 wopambana pa dziko lonse anali Yusuf Sheikh wa ku Tanzania.

M'mabwalo enieni ukaputeni wakale sunathe. Flames itagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, kaputeni anali Peter Mponda, wotchinga kumbuyo, ndipo itafika ndime ya matimu 16 ku Cameroon mu January 2022, kaputeni wa gululo anali Limbikani Mzava, wotchinganso kumbuyo, ngakhale kuti zigoli zinkachokera kwa Gabadinho Mhango. Malamulo a mpira a dziko lonse amanenabe kuti kaputeni alibe mwayi wapadera koma ali ndi udindo pa khalidwe la timu yake, ndipo kuyambira mu 2024 amalamula kuti timu iliyonse ikhale ndi kaputeni wovala lamba pamkono. Mnyamata mmodzi yemweyo akhoza kusankha Haaland pa foni Loweruka m'mawa, madzulo n'kuvomereza kuti timu ya m'mudzi mwake itsogoleredwe ndi wa pa 5 amene sanachinyepo chaka chonse.

Malamulo a Fantasy akupitirira kusintha. Kuyambira mu 2024/25 munthu amatha kusunga mwayi wosintha osewera mwaulere mpaka kasanu, ndipo chigoli cha goloboyi chinakwezedwa kufika mapointsi 10. Mu 2025/26 zida zija zinaperekedwa kawiri, chigawo choyamba ndi chachiwiri cha sizoni, ndipo ntchito yotchinga inayamba kulipidwa payokha: wotchinga kumbuyo akakwanitsa kakhumi kuchotsa mpira pangozi, kuutchinga, kuudula kapena kuulanda amapeza mapointsi awiri, pomwe wapakati ndi wakutsogolo amafunika kufika ka 12, kuphatikizapo kutola mipira yotayika. Izi zinakweza mtengo wa osewera amene kale ankangodzaza malo. Sizoni yomweyo Africa Cup of Nations inachitikira ku Morocco kuyambira pa 21 December 2025 mpaka pa 18 January 2026, pakati penipeni pa ligi ya ku England, ndipo okonza masewerowa anapatsa aliyense mwayi wosintha osewera asanu mwaulere mpikisanowo usanayambe, kuti athe kuchotsa osewera a mu Africa amene anaitanidwa ndi mayiko awo.